Mpini wa Chitsulo cha ku Halale

Anzanga amene tinapitira limodzi ku Halale anabwerako ndi njinga, masuti ndi magalamafoni. Ine ndinatsika lole pa Petauke ndi bulangete, nsalu imodzi ya mkazi wanga, timipira titatu toyera, ndi chitsulo chokulunga m'sokosi. Miyezi yomaliza ndinaithera pamphasa ndi chifuwa, ndipo zonse zimene ndinasunga zinathera momwemo. Anali masiku a Chitaganya, pamene mwamuna aliyense wa ku Nyampande wokhala ndi chitupa ankalota za kum'mwera, choncho kubwera chimanjamanja chotero inali nkhani yokambidwa pachitsime.

Ndinali mkamwini, pamudzi pa mkazi wanga. Iye anandilandira bwino, ananditenthetsera madzi, nsalu ija anaivala. Koma ndinkaona ndithu kuti akamayenda ndi akazi anzake ankayang'ana pansi. Zaka zonse zimene ndinali kutali ankawauza kuti mwamuna wake ali pantchito yapamwamba, ndiye mwamunayo wabwera ndi sokosi.

Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Ine nyimbo yanga inali gofu. Ku Halale ndinkanyamulira azungu zikwama za ndodo pabwalo lawo, ndipo tsiku lotseka bwalo ife onyamula zikwama tinkazembera kuseri kwa shedi ndi ndodo imodzi yakale n'kumamenya timipira totola m'tchire. Ndinkatha, abale! Mpaka lero ndikakumbukira, m'manja mumandiyabwa. Choncho masana ena, amuna atakhala pansi pa mango, ndinaloza kutsidya kwa dambo, kuseri kwa madimba, ndi kuwauza kuti kampira kochepa ngati dzira la nkhanga ndikhoza kukamenya kamodzi kokha kuchokera pomwepo, kakagwa uko. Anaseka mpaka kugwirana mapewa. Posakhalitsa ana anayamba kundikuwiza ndikamadutsa kuti, "Kutsidya kwa dambo!"

Za amuna ndi ana sindinasamale. Chimene chinandilasa ndi mawu a mkazi wanga, tsiku lina akupeta.

"Inu, kusauka si mlandu," anatero osandiyang'ana. "Koma bodza lekani. Nichita manyazi."

"Naiwe uganiza ninama?"

"Sininaone, ine."

Ndinalowa m'nyumba n'kukamasula sokosi ija. Chitsulocho chinali mutu wa ndodo ya gofu. Azungu anali atasiya ndodo zamipini yamtengo n'kuyamba zachitsulo zokhazokha, ndipo iyi itathyoka anaitaya kudzala, ine n'kutola mutu wake. Unali wosalala, wopendekera nkhope, wokoma kugwira. Chimene chinkasowa ndi mpini basi, ndipo mipini ndi chinthu chimene ife kwathu sitifunsa mzungu.

Katswiri wa mipini pamudzipo anali mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga, munthu wamfupi, wapakamwa pothwa, amene tinkanyozana naye tsiku lililonse monga achitira alamu. Anachitembenuza chitsulocho uku ndi uku.

"Alamu, msuka wake uli kuti?"

Ankafuna kamchira kaja kosongoka kamene pakhasu kamalowa mu mpini. Ndinamuonetsa kuti apa zinthu ndi zosiyana: chitsulo ndicho chili ndi bowo, mtengo ndiwo ulowa m'chitsulo.

"Azungu anu achita zinthu mozondoka," anatero. "Siyani kwa ine. Mailo m'mawa muzamenya."

Anatulutsa tsanya wouma amene wachibale anamubweretsera kuchokera ku Nyalugwe, mtengo wokana chiswe, wokana nkhwangwa. Ndinayesa kunena kuti mpini wa gofu umafunika wowonda, iye n'kundifunsa kuti ndinasemapo mipini ingati ku Halale. Anasema mpini waufupi, wonenepa ngati wa nkhwangwa. Nditapita kukamwa madzi, pobwera ndinapeza chitsulo changa chili pamakala, ati chipse kuti chidzibowolere malo monga amachitira ndi khasu. Ndinakuwa ngati nyumba yapsa, n'kuchivuula ndi kamtengo. Chinada, koma chinapulumuka. Kenako tinasongola nsonga ya mpini uja n'kuilowetsa m'bowo la chitsulo.

Inali nthawi ya lupsa, dambo litapserera, msipu ukungophuka. Tinapita awiriwiri. Ndinaumba kamulu ka dothi, ndinaika kampira pamwamba, ndinakoka mpini uja n'kumenya. Mayo ine! Ululu unakwera kuchokera m'zala mpaka m'zigongono. Kampira kanathamanga pansi ngati mbewa, kanakalowa m'una wa pachulu, momwe panalibe munthu wopenga wokapisamo dzanja. Mlamu wanga anakhala pansi ndi kuseka.

"Ndiye kutsidya kwa dambo kumeneko?"

Ndinamufotokozera, mtima uli m'mwamba, kuti mpini wa gofu si wolimira. Uyenera kupindika pang'ono pamene ukutsika, kenako n'kubwerera mwamphamvu, ndipo kubwererako ndiko kumaulutsa mpira. Anamvetsera, maso ali tuzu. Ndinaona kuti nthenda yanga yayamba kumugwira.

Kachiwiri tinatenga nsungwi, ija yopanda bowo lalikulu m'kati. Nditaigwedeza m'mwamba inalira kuti fyuu, ndipo ndinalumpha ngati mwana. Koma tinakangana pa zolimbitsa mutu. Ine ndinati tikhomere msomali pakabowo kam'mbali. Iye anati msomali ndi wa anthu osadziwa ntchito: khasu likagwedera amaliviika m'madzi, mtengo ufufuma, basi lagwira. Anaviika ndodo yanga mumphika, m'mawa mutu unali gwa. Ndinagonja, poti kunalidi kolimba.

Tinaiwala chinthu chimodzi. Khasu ukamalima, nthaka imalikankhira m'kati mwa mpini. Ndodo ya gofu ukaizunguza, mutu umafuna kuthawa.

Mbiri inali itamveka, ndipo tsiku limenelo panasonkhana anthu, amuna, akazi, ana. Mkazi wanga yekha ndiye anakana kubwera. Dzuwa linali litaumitsa kale nsungwi ija pamene tinkadikira ochedwa. Ndinakoka, ndinamenya ndi mphamvu zanga zonse, m'manja n'kupepuka mwadzidzidzi. Chitsulo chinauluka chikulira, chinadutsa pamwamba pa mitu ya anthu, chinakaboola nkhokwe ya apongozi anga, amayi a mkazi wanga. Anthu anagwa chafufumimba, wina pamwamba pa mnzake. Kampira kanagudubuzikira kumanzere, galu anakatola n'kuthawa nako, ndipo tinakapeza atakatafuna ngati fupa.

Apongozi, poti mwamwambo sitinkalankhulana maso ndi maso, anatuma mawu kudzera mwa mwana wawo, mkazi wanga, kuti afunse ngati mkamwini anabwera kudzalima kapena kudzaphwasula nkhokwe. Nkhokwe ndinakonza tsiku lomwelo.

Kampira kanatsala kamodzi. Ndinakasunga m'kathumba, ndinalumbira kuti sindikakhudza mpaka mpini utapezeka weniweni. Poyesera tinkadula zitsononkho za chimanga n'kumamenya zimenezo.

Masiku amene anatsatira ndimawakumbukira ngati phwando. Tinkadzuka m'mamawa ine ndi mlamu wanga kukasaka mitengo. Uliwonse tinkauimika pansi n'kuukanikiza kuti tione m'mene ukupindikira. Wina unkapindika osabwerera. Wina unkabwerera koma unkathetheka. Mpini ukatalika, chitsononkho chinkapatukira kumanja. Tikadulako chala chimodzi, chinkawongoka. Tikadulanso china, ndodo inkakumba nthaka. Tinkauika pachala kuti tione pamene ukulemerera. Tinkakangana, kutukwanizana, kuseka, kuyambanso. Kuseri kwa nyumba kunadzaza mipini yokanidwa, ndipo amayi a pamudzi anasangalala ndi nkhuni. Pamenepo mitambo inali itayamba kusonkhana, makasu a pamudzi ali duu kudikira mlamu wanga, anthu n'kumati mkamwini wa ku Halale wamulodza.

Tsiku lina tili chikhalire pakhonde, titatopa, iye anamenya ntchafu yake.

"Alamu! Mufuna mtengo wopinda nakubwelela? Si uta uwo?"

Ndinaimirira osadziwa kuti ndaimirira. Uta! Tinathamanga ngati anyamata mpaka kumtsinje, kumene kumamera mtengo umene alenje amasemera mauta. Tinasankha nthambi yowongoka, yopanda mfundo. Apa ndiye ndinaphunzira kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, chifukwa mlamu wanga anakana kuti tiugwiritse ntchito uli wauwisi. Anausomeka kudenga pamwamba pa moto kuti uume ndi utsi, ndipo ine ndinkapita kukausuzumira ngati munthu wodikira nkhuku kuswa. Utauma tinauwongola pamoto pang'onopang'ono. Kusema ndi kasemasema anasema iye, koma kupala ndinapala ndekha ndi phale la botolo, kumtunda kokulirapo, kumunsi kowonda, ndikugwedeza, ndikupalanso, mpaka m'manja munandiuza kuti basi. M'bowo tinathiramo phula. Msomali tinadula sipoko ya njinga, ndipo ulendo uno mlamu wanga anaukhoma yekha popanda kutsutsa. Pogwirira tinakulunga chikopa cha mbuzi.

Nditamenya chitsononkho choyamba, chinakwera bwino, molunjika, ngati chikudziwa kopita. Ndinamukumbatira mlamu wanga n'kumunyamula m'mwamba, iye akukuwa kuti ndimutsitse.

Tinasankha Lamulungu, anthu atabwera kumapemphero. Anabwera ambiri kuposa poyamba, ena ochokera m'midzi yoyandikana, ndipo anaima mozungulira kumbuyo kwanga ndi m'mbali. Apongozi anaima patali pafupi ndi nkhokwe yawo. Mkazi wanga ndinamupempha m'mawa kuti abwere, iye anangotenga mtsuko n'kupita kuchitsime.

Ndinaumba kamulu, ndinaika kampira komaliza. Ndinayang'ana kutsidya, kumene madimba ankaoneka obiriwira, ndi mabango kuseri kwake. Ndinakoka pang'onopang'ono, ndinamva mtengo ukupindika, ukubwerera.

Kunamveka kuti thwa! M'manja simunamveke kanthu, ngati ndamenya mphepo. Kampira kananyamuka koyera, kanakwera, kanakwerabe, kanadutsa dambo lonse, kanadutsa madimba, kanatsikira m'mabango. Ngakhale ku Halale sindinamenyepo chotero. Ndinakuwa, ndinavina, ndodo ili m'mwamba, n'kutembenuka kuti ndione nkhope zawo.

Panalibe nkhope ngakhale imodzi. Anthu onse anali atawerama, manja kumutu, ena atagona pansi. Amene anasuzumira ankayang'ana chitsulo, kuti aone ngati chachokanso. Mlamu wanga, mlamu wanga weniweni amene anakhoma msomali ndi dzanja lake, anali kuseri kwa mtengo wa mango.

Anadzuka mmodzimmodzi akudzikuntha fumbi.

"Kali kuti kampila?"

"Kutsidya!" ndinakuwa. "M'mabango umo! Simunaone?"

Anayang'ana pansi patsogolo panga, anayang'ana pachulu, anayang'ana galu. Bambo wina wachikulire anati ndakabisa m'thumba, poti a ku Halale amadziwa matsenga a m'manja. Ndinatembenuza matumba onse. Wina anati ndakameza. Anyamata anathamangira kumabango, anapondaponda m'matope, anabwerako opanda kanthu, akuseka. Ndinamugwira mlamu wanga pamkono.

"Alamu, auzeni!"

"Ninamvela chabe kulila," anatero, akukanda kumutu. "Kuona sininaone lini."

Ndinapsa mtima kwambiri moti ndinafuna kuthyola ndodoyo pabondo. Kampira kena panalibe, ndipo kuchokera pano mpaka ku Halale panalibe woti n'kundipatsa. Misozi inali pafupi, ine mwamuna wamkulu, pamaso pa mudzi wa eni.

"Nakaona ine."

Mawuwo anachokera kunjira ya kuchitsime. Mkazi wanga anali ataima pamenepo, mtsuko wodzaza uli pamutu. Anafika pamene ndinkakoka ndodo, ndipo munthu wosenza madzi sawerama. Anzake onse atagwa pansi, iye anatsala chiimire, khosi lili njo, maso ali kutsogolo.

Iye anayandikira pang'onopang'ono, madzi osatayika.

"Kanakwela pamwamba kupambana mtengo uja," anatero, akuloza ndi dzanja limodzi. "Kanachita monga kaima. Ndiye kanapitilila madimba onse, kanagwela m'mabango. Nakaona na maso yanga."

Kenako anatembenuka thupi lonse, monga atembenukira wosenza, n'kuyang'ana kumene kunaima amayi ake. Anakweza mawu kuti aliyense amve.

"Amai, amuna anga sanama."

Ndinaima pamenepo kukamwa kuli yasa, ndodo ili m'manja, osadziwa kuti ndiseke kapena ndilire. Iye anandiyang'ana m'maso, pamaso pa anthu onse aja.

"Nanga muzangoima? Nituleni, khosi lawawa."

Ndinaponya ndodo pansi n'kugwira mtsuko. Ndinautula mopupuluma, moti madzi anatikhuthukira tonse awiri.