Chifuwa cha a Makwinja

Ndikakumbukira a Makwinja, ndimamva fungo la mapesi akupsa mu Okutobala, ndi kulira kwa chifuwa chawo kumene tinkakumva tili pakhonde pathu, ngati chitseko chadzimbiri. Anachoka ku Phalombe ali mnyamata, n'kukalambira pa esiteti ina ku Mlonyeni, akusonkhezera moto m'mabalani a fodya mpaka utsi unawadya m'chifuwa. Mkazi analibe, mwana analibe, koma nkhani ndiye zinali zosatha.

Ankati dziko limapuma kamodzi pachaka. Mvula ikagwa, chimanga ndi mitengo zimakoka mpweya woipa n'kuusunga m'masamba. Masambawo akawola kapena tikawatentha m'chilimwe, dziko limaubweza. Thupi lawo linkatsata zomwezo. Mu Januwale ankayenda wapansi mpaka kumalire a dziko, koma mu Okutobala ngakhale pachitsime sankafika. Ife ana tinkawaseka kuti ndi aphunzitsi opanda choko, iwo n'kumaseka nafe mpaka kutsokomola.

Chaka china mayi anandituma kukasosa m'munda mwathu, kuseri kwa nyumba ya a Makwinja. Nditaunjika mapesi, ndikutulutsa machesi, ndinawaona atagwira mpanda, akupumira m'mwamba.

"Mwanangu, dikira mphepo itembenuke. Mvula yayandikira, ndikufuna ndiione."

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo atsikana anzanga ankandidikira kumasewera a fulaye. A Makwinja atangolowa m'nyumba, ndinayatsa. Utsi wonse unathera kwawo. Madzulo ake bambo anga anawakweza panjinga kupita nawo kuchipatala, kumene anagonekedwa sabata yathunthu. Masiku onsewo sindinauze munthu zimene ndinachita.

Atatuluka anandiitana. Ndinapita, ndipo anangondipatsa khasu lawo, iwo n'kukhala pachitsa, kumandilozera mokwiririra mapesi otsala m'mizere kuti awolere pansi. Zoti anandichonderera ine osamvera, sanauze aliyense mpaka anamwalira patapita zaka zitatu.

Kusekondale, aphunzitsi atajambula pabolodi mzere wosonyeza kuchuluka kwa mpweya woipa uja, wokwera ndi kutsika chaka ndi chaka, anzanga ankadabwa. Ine ndinangowasowa a Makwinja.

Lero ndili ndi munda wanga ku Dambe, ndipo sindiwotcha. Oyandikana nawo amandinena kuti ndikuweta chiswe, ine ndimangoseka nawo. Koma zaka zitatu zonse zija, ndikuwatungira madzi ndi kuwasesera pakhomo, sindinawauzepo kuti pepani, ndipo zimandiwawa mpaka pano.