Matabwa a Bambo Evaristo Camacaro

Abambo Hilario, bambo mfumu wa parishi yathu, andipempha kuti ndilembe mbiri ya malemu Evaristo Camacaro m'kalata ya mwezi uno. Ndavomera, koma mwamanyazi, pakuti ine Nélida ndine mmodzi wa amene tinamudya miseche munthu wa Mulunguyu.

Bambo Evaristo anabadwa mu 1941 kumapiri a kuseri kwa tauni yathu ino ya Carora, m'banja loweta mbuzi. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, amalume awo anabwera nawo m'tauni kudzaphunzira ukalipentala. Atakwatira Mayi Eduviges anamanga nyumba mumsewu wathu, ndipo zonse za m'katimo anapala okha ndi matabwa a mkungudza: zitseko, siling'i, kabati, tebulo lalikulu, ndi bedi losema maluwa kumutu, limene akazi tonse tinkatonzera nalo amuna athu. Misa sankaphonya. Ukawayamikira ntchito ankangoti, "Mtengowo sindinaulenge ndine."

Mayi Eduviges anatsogola mu 2009. Mavuto atafika m'dziko muno, mwana wawo yekhayo, Yoleida, anapita ku Peru kukafuna ntchito. Zaka zimenezo nonse mukuzikumbukira. Ndalama zinasanduka masamba, ufa tinkaudikira pamzere tsiku lathunthu. Koma chimene chinatithyola msana ndi maliro. Bokosi linakwera mtengo moti palibe ankaligwira, anthu n'kuyamba kuika abale awo m'matumba akuda a pulasitiki.

Tsiku limene tinaika a Ruperto, oyandikana nawo nyumba, m'thumba lotero, Bambo Evaristo analankhula pamanda, chinthu chimene anali asanachitepo. Anati, "Thupi ili linabatizidwa. M'parishi muno wina asadzalowenso m'thumba ine ndikadali moyo."

Tinangoti ndi mawu a chisoni, poti matabwa anali atasowa ngakhale kumsika. Koma mabokosi anayamba kutuluka ndithu, aulere, opakidwa penti wakuda wochindikala. Wina akafunsa kuti, "Achimwene, matabwawa mukuwatenga kuti?" ankayankha kuti, "Mwini mitengo alipo."

Nthawi yomweyo analeka kulowetsa anthu m'nyumba. Mlendo ankamulandirira pakhonde, makatani ali otseka. Pakamwa pathu ndiye panayamba kuyabwa. Ine ndemwe ndinanena pamzere wa ufa kuti, "Nkhalambayi ikulandira za ku Peru, ikudyera kuchipinda ngati khoswe." Anthu anaseka, ine n'kumva kukoma.

Mu 2018 amuna anga a Asdrúbal anamwalira, m'nyumba mulibe ndi kandulo yomwe. Kusanatenthe, Bambo Evaristo anatulukira akukankha ngolo, bokosi lili pamwamba. "Mayi Nélida, lirani amuna anu. Za bokosi musalire." Ndinalandira, ndinathokoza, koma miseche sindinasiye. Mulungu andikhululukire.

Mwezi watha anajomba Misa masiku awiri otsatizana. Tinapita ndi Abambo Hilario kukawaona, ndipo titagogoda osayankhidwa tinakankha chitseko.

Abale, zimene tinaona mpaka lero mutu wanga ukukana. M'nyumba munali mbee. Zitseko zam'kati kunalibe, kabati kunalibe, tebulo kunalibe. Siling'i yense anali atakanganulidwa, malata ali poyera. Malaya awo awiri anali pachingwe. Eni ake anagona pansi pa makatoni, korona ili m'manja, atatha ngati nkhuni.

"A Evaristo, zinthu zonse zija zili kuti?" anafunsa Abambo.

"Zili kumanda, Abambo. Zikugwira ntchito."

Ine ndinayang'ana pangodya pamene pankakhala bedi lija. "Nanga bedi la Mayi Eduviges?"

Anamwetulira ngati mwana wogwidwa ndi shuga. "A Asdrúbal anali aatali, mayi. Matabwa aatali anatsala a bedi okha."

Ndinangokhala pansi. Munthu amene ndinkamunena kuti akudyera kuchipinda anagona pa simenti nthawi yonseyi kuti amuna anga agone pa mkungudza. Penti wochindikala uja anali wobisa zitseko ndi kabati zimene tonse tikadazizindikira. Ndinalira, ndinawaululira zonse zimene ndinanena. Iwo anangoti, "Pamzere paja pamatopetsa, munthu amafuna nkhani. Koma Yoleida musamuuze za nyumbayi, angataye ntchito n'kuthamangira kuno."

Analandira sakramenti la odwala, ndipo mawa lake masana, tikupemphera korona, anatisiya mwakachetechete ngati wagona tulo.

Kenaka tinayang'anana. Thabwa panalibe ndi limodzi lomwe. Ngakhale tebulo lawo lopalirapo anali ataliphwasula kukhomera kabokosi ka mwana wakhanda. Mwamuna wina ananong'ona kuti kwawo kuli thumba. Ndinapita kwathu, n'kuuza mkamwini wanga kuti azule chitseko cha kuchipinda kwanga. Pobwerera ndinapeza ena andiposa kale: uyu wasenza shelefu, uyo mpando, wina mbali ya kabati.

Vuto linali loti wodziwa kupala ndi amene anagonayo. Amene anagwira sowo ndi wometa tsitsi, makaniko ndi mphunzitsi wopuma. Misomali inapindika, zala zinatupa, chivundikiro chinakana kukhala bwino mpaka tinachimanga ndi chingwe. Pamanda athu onse bokosi lopotoka ndi limodzi lokha, ndipo muli kalipentala. Koma m'thumba sanalowe.

Amuna atatu aja tsopano amakumana Loweruka lililonse pakhonde la malemuwa, kuphunzira kuwongola thabwa ndi zida zimene anasiya. Amene ali ndi thabwa kwawo, abwere nalo. Ambuye awalandire Bambo Evaristo m'nyumba yawo, awapumitse mumtendere.