Timachubu Tanga, Manja Ake

Tinyamato tinkabwera pa ndege kuchokera ku Mombasa, ndipo wokatitenga ku bwalo la ndege la ku Embakasi ndinali ine. Tozungulira, taminga thupi lonse, ife tinkangoti tinungu ta m'nyanja. Chomwe tinkafuna kwa ito ndi umuna. Pa khungu la kambewu kalikonse pali timakomo tolowera mchere, ndipo kakhomo kakatseguka pamadutsa magetsi ochepetsetsa. Kuti uwayeze, umagunditsa nsonga ya kachubu kagalasi pa kambewuko mpaka igwirane nako. Zikatheka, mzere wa pa sikirini umayamba kudumpha ngati masitepe.

Amalawi mu labu yathu ya ku Kenya tinalimo awiri: ine ndi mtsikana wina wa ku Ntcheu amene anandipezamo nditatha kale zaka zinayi. Ine ndinkakoka timachubu pa makina otentha n'kusalaza nsonga zake imodziimodzi kuti zisaphulitse kambewu. Iye ankangotenga, kuvula nsapato, kubanika mpweya, basi masitepe aja mbwee! Manja anga ankanjenjemera, ake ayi. Abwana athu, mayi wa Chikenya, ankamuombera m'manja, ine ndili chilili ndi tireyi ngati woperekera zakudya pa ukwati. Nsanje inkandidya, ndisaname.

Kenako panapezeka mwayi umodzi wokaphunzira kunja, ndipo pulofesa woti asankhe munthu anabwera kudzaona yekha. Sabata imeneyo sindinasalaze nsonga ngakhale imodzi. Ndi maso sungazindikire. Timachubuto ndinatindandalika bwinobwino m'bokosi monga mwa masiku onse, mumtima ndikuti tione manja otchukawo.

Mtsikana uja anayesa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Kambewu kalikonse kankangophulika, mzere uli phee. Pulofesa anayang'ana wotchi kangapo, n'kupita kukaona ophunzira a labu ina. Mwayi unagwera kumeneko.

Ndinkadikira chimwemwe, koma sichinabwere. Mtsikanayo ndinamupeza pa siteji ya maminibasi otchedwa matatu, maso ali psuu, akuyang'anitsitsa zikhatho zake.

"Pepani, pepani," ndinatero.

"Ayi achimwene, wopepesa ndine," anayankha. "Timachubu tanu tabwinobwino, ntchito ya sabata yonse, ine ndangotiwononga. Kaya manjawa andichita chiyani lero."

Patatha miyezi iwiri anasiya ntchito n'kubwerera kumudzi kukaphunzitsa. Mpaka lero amakhulupirira kuti chomwe chinamugwetsa ndi manja ake.