Mapazi Awiri Owonjezera

Kwathu kumapiri a Yamagata aliyense ankawaitana kuti Aphunzitsi, ngakhale choko sanachigwirepo. Dzina lawo linali Tomie Hayasaka, mayi wamfupi wa imvi zometa, amene m'thumba la jekete lake simunkasowa tepi yoyera.

Ali namwali, Tomie analembedwa ntchito pa fakitale ina yoluka nsalu chifukwa cha liwiro lake. M'mawa ankalondera ulusi, masana n'kumathamangira kampaniyo. Pa mpikisano wopatsirana kandodo ankakhala womaliza mwa atsikana anayi, ndipo womupatsira anali Fusae, mnzake wa chipinda chimodzi, wolongolola ngati mpheta.

Kupatsirana kumeneku kuli ndi mwambo wake. Wolandira amayeza mapazi chobwerera, chidendene kugunda chala, n'kumata tepi pansi. Mnzake akangoponda patepipo, iye amaliyatsa liwiro osayang'ananso m'mbuyo kufikira atamva mfuu yakuti “Dzanja!” Tepi ikakhala patali, wolandira amanyamuka msanga ndipo nthawi imapulumuka. Ikatalikitsa, mnzake samupeza, malire opatsirana amatha, anayi onse n'kuchotsedwa.

Chaka chimene anafika pa mpikisano wa dziko lonse, Tomie ananyamuka bwino lomwe. Koma mfuu ya Fusae inaoneka ngati yachedwa, mtima unamuthawa, n'kucheuka. Kucheukako kunamudyera liwiro. Fusae anamuomba kumsana, kandodo kaja n'kugubuduka pansi anthu zikwizikwi akuona. Atsikana anayiwo anaweramira bwalo monga timachitira potuluka, osayang'anana. Patapita zaka ziwiri bondo linamukana, ndipo anabwerera kumudzi kukathandiza mlongo wake kuthyola zipatso za matcheri.

Sanakhalitse m'munda. Sekondale ya m'chigwa chathu inkasowa wophunzitsa ana kuthamanga, ndipo a Hayasaka anaigwira ntchitoyo zaka makumi atatu ndi chimodzi. Miyezi inayi pachaka bwalo linkakwiririka ndi chipale chofewa, choncho ankathamangitsa ana m'kanjira ka m'kati mwa sukulu, ataimika matiresi kumapeto kuti asaswe mphuno pakhoma. Ankati miyendo ndi mphatso yobadwa nayo, koma kupatsirana ndi thukuta, ndipo thukuta aliyense ali nalo.

Kenaka ana anayamba kuchepa. Achinyamata anatsikira kumizinda, makalasi anatsekedwa limodzilimodzi, mpaka kunabwera kalata yakuti chaka chimenecho n'chomaliza, sukulu iphatikizidwa ndi ya kutauni. Atsikana othamanga anatsala anayi ndendende. Pa mpikisano wa chigawo chathu, matimu asanu ndi limodzi oyambirira ndiwo ankapitirira, ndipo a Hayasaka anatsimikiza mtima kuti dzina la sukuluyo liitanidwenso kamodzi pa bwalo lalikulu lisanafufutike. Koma poyerekeza nthawi, ana awo anali achisanu ndi chitatu. Miyendo sikanasintha pa sabata imodzi imene inatsala. Chimene chikanasintha ndi tepi.

Anaganiza zowonjezera mapazi awiri pa malo omaliza, kuchoka pa 26 kufika pa 28. Vuto linali lakuti womaliza wawo, Kotone, anali ndi nthenda yocheuka. Womupatsira, Mio, ankadandaula kuti nkhope ya Kotone amaidziwa kuposa msana wake.

Masiku amenewo Fusae, amene tsopano anali wamasiye wogulitsa tofu, chakudya cha soya, kutauni, ankabwera ndi mibulu ya mpunga yoti ana adye. Atamva za mapazi awiriwo anaseka mpaka kutsokomola.

“Iwe Tomie, wakalamba nayo misala. Mwanayu khosi lake ndi lako lomwe lija, la kadzidzi.”

“Ukanakuwa msanga tsiku lija, kadzidzi sakanatembenuka.”

“Ndinakuwa pa nthawi yake ine. Makutu ako ndiwo anali atadzaza ulusi.”

Ana anamva zimenezi n'kudabwa, pakuti a Hayasaka anali asanawauzepo nkhani imeneyo. Madzulo a tsikulo a Hayasaka anamukhazika Kotone pa benchi n'kumufotokozera zonse, osadzichepetsera mlandu. Anamuuza kuti zaka zoposa makumi atatu akhala akuimva mfuu ya Fusae, ndipo chaka chilichonse amazindikira kuti sinachedwe. Mtsikanayo anapotokola chingwe cha nsapato, kenaka anafunsa chimene chinkamudya.

“Nanga Mio akapanda kundipeza, Aphunzitsi?”

“Pamenepo wolakwa ndine, woyeza mapazi. Iwe mlandu wako ndi umodzi wokha, kucheuka.”

Sabata yonse anayeserera. Kawiri kandodo kanagwa, kamodzi Mio sanamupeze n'komwe, ndipo mphunzitsi wamkulu anapempha mwaulemu kuti abwerere pa 26, ana amalize bwinobwino, makolo ajambule zithunzi. A Hayasaka anawerama mozama, n'kuthokoza chifukwa cha malangizowo, mawa lake n'kumatanso tepi pa 28.

Tsiku la mpikisano kunali kamphepo ka mvula. A Hayasaka anaima kumpanda pafupi ndi pokhotera pomaliza, Fusae ali pambali pawo. Anamuona Kotone akuyeza mapazi, milomo ikuwerenga, n'kumata tepi, n'kuipondereza ndi chala. Mfuti yoyambitsira mpikisano inalira. Pamene Mio ankatuluka pokhotapo anali wachisanu ndi chitatu, monga manambala ananenera. Anaponda tepi, Kotone n'kufwamphuka.

Mpata unakula pakati pawo. Mzere wa malire unkayandikira, mfuu osamveka. A Hayasaka anaona phewa la Kotone likugwedera ngati lifuna kutembenuka, iwo n'kugwira waya wa mpanda. Koma khosi la mtsikanayo linakhala chilili. Itatsala sitepe imodzi kuti malire athe, Mio anakuwa ndi mpweya wake wotsiriza, kandodo n'kulowa m'dzanja lotambasuka. Pamene atsikana awiri a matimu ena ankayamba kumene kukoka liwiro, Kotone anali atawapitirira kale, ndipo sanamupezenso.

Anamaliza wachisanu ndi chimodzi. Chimkuzamawu chitatchula dzina la sukulu yathu, Fusae anapukuta maso ndi kansalu kokulungira mpunga, n'kung'ung'udza kuti Mio uja ndiye anachedwadi kukuwa, osati iye.

A Hayasaka anadikira kuti ana amalize kulira ndi kukumbatirana. Kenaka anawandandalika pamzere, asanuwo n'kuweramira bwalo. Ataweramuka anasisita bondo lawo, n'kuwauza kuti mpikisano wotsatira watsala ndi masabata atatu, Lolemba asachedwe, akayesa mapazi 29.