Asidi wa Batire Tsiku Loika Bambo

Khalani pansi anzanga, mafoniwo ikani kaye m'thumba, mumve.

Ine sukulu ndinalekera Fomu 3, mukudziwa kale. Kemisitiri ndinaphunzira ndekha pa foni, pakhonde pa Mlangeni pomwe bambo ankatchajira anthu mabatire. Ndinkagula bando ya intaneti, kuonera mavidiyo, kenako kudzijambula mawu: "HCl, haidirokoloriki. HNO3, naitiriki. H2SO4, salifyuliki." Ndikamakumba kachewere ndinkadzimvera ndekha m'makutu. Bambo ankandiseka. "Iwe, asidi ndi mmodzi, wa batire. Enawo wakunamiza ndani?"

Ndinalembetsa mayeso a Fomu 4 ndikuwerengera pakhomo. Ali mkati mayesowo, bambo anamwalira, Lachiwiri. Kemisitiri inali Lachinayi masana. Abambo aang'ono, mng'ono wawo wa bambo, anati mwambo woika maliro ukhale Lachinayi lomwelo masana, poti abale ochokera ku Joni afika m'mawa wake. Ine ndine woyamba kubadwa, ndipo kwathu woyamba ndiye amayamba kuponya dothi m'manda.

Lachinayi m'mawa ndinakhala pasiwa, osalira. Misozi inangokana. M'mutu munkangoyenda mayina a asidi. Abambo aang'ono anandipeza ndikuyang'ana foni.

"Iwe, mayeso amabwera chaka ndi chaka. Bambo akowa aikidwa kangati?"

Ndinalowa m'nyumba kwa mayi. Sanandiyang'ane nkomwe.

"Cholembera uli nacho?" Basi.

Ndinapita. Sukulu yolembera mayesoyo ili m'mbali mwa njira ya kumanda. Ndili pa funso lachitatu, loti titchule dzina la H2CO3 ndi kulemba fomula ya salifyuliki, asidi wa batire uja, nyimbo inamveka. Akwaya patsogolo, bokosi pambuyo, kudutsa pawindo pomwepo. Mphunzitsi woyang'anira anaimirira. Ena m'kalasi anatembenukira kwa ine. Ndinalemba kaboniki. Ndinalemba H, ka 2 pansi pake, S, O, ka 4. Ndinabwerezanso kuona ngati ndalemba bwino.

Dothi anaponya mlongo wanga. Pomwe ndinkafika kunyumba anthu anali akusamba m'manja. Abambo aang'ono mpaka lero ndikawapatsa moni amangoyang'ana kumbali.

Kemisitiriyo ndinakhoza. Uthenga unabwera pa foni, ndinauwerenga kawiri, ndinabweza foni m'thumba. Kukondwa ayi, chisoni ayi.

Mukanakhala inu Lachinayi lija, mukanalowa m'kalasi muja, kapena mukanatsata bokosi?