Maama Thavarasa Saitanidwa Kumbuyo

Malume anga a Thavarasa, amene tonse timangowatchula kuti Maama, anayamba kutsegula geti la sukulu ina ya atsikana mu Jaffna ine ndisanabadwe. Kiyi wake ndi wamkulu ngati supuni, ndipo amamumangirira pamfundo ya nsalu yawo yoyera ya m'chiuno. Kuchokera kwathu ku Kondavil amapita panjinga, chinjinga chakuda cholemera ngati ng'ombe, chimene pa nthawi ya nkhondo chinanyamulapo nkhuni, mpunga ndi agogo anga omwe. Basi sanakwerepo popita kuntchito. Amati basi imapita kumene ikufuna iyoyo.

Ine ndinafika kuchokera ku Toronto ndi chikwama chimodzi, ndi foni yatsopano imene Amma, mayi anga, anatumizira mlongo wawoyu kuti azionana nkhope. Sukulu ndinali nditaisiyira panjira, ndiye ndinkati ndikakhalako kuno mwina ndidziwa chimene ndikufuna. Mpaka pano sindinachidziwe. Chimene ndinaona msanga n'choti Maama anayamba kuchedwa kuntchito, pomwe amadzuka akhwangwala asanalire.

M'mawa uliwonse ankasamba pachitsime, kupaka phulusa lachipembedzo pamphumi, kudya puttu wa ufa wa mpunga ndi nthochi, kupopa matayala amene anali olimba kale, n'kukankha njinga kulowera kuchipata. Pamenepo m'pamene foni inkalira pakhonde, chifukwa m'mawa wathu ndi madzulo a ku Toronto, Amma atangoweruka. Maami, akazi awo a Maama, ankaiyankha, ndipo mawu a Amma ankamveka bwalo lonse.

"Anna! Achimwene! Mankhwala aja mwamwa?"

Maama ankaima. Ankabwerera, kutsamiritsa njinga pakhoma, kuvula nkhwayira, kukhala pabenchi. Maami ankabweretsa madzi m'kapu yachitsulo. Akamwa ankakhala duu kwa kanthawi, kenako n'kuyambiranso ulendo. Tsiku lina atafikanso pachipata Amma anakuwa kuti, "Anna, chipewa!" ndipo zonse zinayambira poyamba.

"Maama, mwaiwala chiyani?" ndinafunsa.

"Palibe."

"Nanga mwabwereranji?"

"Mayi ako andiitana kumbuyo."

Ndinayang'ana Maami. Iwo anandiyang'ana ngati ndafunsa ngati madzi amanyowetsa.

"Munthu akanyamuka saitanidwa kumbuyo, thambi, mwana iwe, ulendo umaipa. Ayenera kubwerera, akhale pansi, amwe madzi. Ku Canada kwanuko mumangokuwizana ngati pamsika wa nsomba?"

"Ndiye musamayankhe foniyo mpaka atapita."

"Foni yochokera kunja osayankha? Ufuna mayi ako aganize kuti kuno kwagwa maliro?"

"Chabwino, Maama, auzeni Amma asiye."

Maama anavala nkhwayira zawo pang'onopang'ono. "Mwana wa mayi anga ali yekha kuchisanu uko, watha tsiku lonse akulongedza makatoni, ndimuuze kuti asanditchule dzina? Ukamuuze ndiwe."

Ndinawauzadi. Amma anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe, mwezi sunathe n'komwe, wayamba kundiphunzitsa mwambo wa kwathu? Mwambowo ndimaudziwa. Koma foni si kumbuyo. Ine ndili ku Canada."

Lachisanu Maama anabwera nkhope ili yogwa. Ahedi atsopano, Mayi Arulanantham, anali atapeza atsikana ali mumzere padzuwa kunja kwa geti, kachitatu tsopano. Anawauza kuti akachedwanso Lolemba, kiyi apereka kwa mlonda wachinyamata amene ali ndi njinga yamoto. Ntchito siikanatha, akanatsala ndi kusesa ndi kuimba belu. Koma madzulo amenewo ndinawaona atakhala pabenchi akupukuta kiyi uja ndi kansalu, chakudya chikuzizira pambali.

Loweruka tinapita kwa Paramu, wokonza njinga wa pamphambano, kukamangitsa tcheni. Nkhani inali itafikako kale ife tisanafike.

"Thava, iwe ukudzivutitsa chabe," anatero Paramu, sipanala ili kukamwa. "Canada ili kumadzulo. Iwe popita kutauni umaloza kummwera. Ndiye mlongo wakoyo amakuitanira cham'mbali. Cham'mbali palibe mlandu."

Panali mkulu wina wodikira chubu, amene kale ankaphunzitsa za mapu. Anagwedeza mutu. "Dziko ndi lozungulira, Paramu. Canada ili pansi pa mapazi athu."

"Ayi ndiye zaipiratu! Kuitanidwa kuchokera pansi? Amaitana kuchokera pansi ndani, si akufa?"

"Mawuwo amadutsa m'mwamba," ndinayesa kuthandiza. "Kapena pansi pa nyanja, sindikudziwa bwino, koma..."

"Bwana wa ku Canada, tagwira tayala ili," anatero Paramu. "Usaope, mafutawo sapha."

Anakangana mpaka tiyi anabwera ndi kutha. Wina anati funso likapite kwa wansembe wa kukachisi, wina anati wansembeyo naye ali ndi ana ku London, aweruza mokondera. Ine mutu unali utazungulira. Ndinkafuna kunena kuti zonsezi n'zopanda pake, koma ndinakumbukira kuti ku Toronto nyumba imene timakhala ilibe nsanjika ya nambala 13 poti amati ndi yatsoka, ndiye ndinangogwira tayala langa. Maama ankangoyang'ana dengu la kutsogolo kwa njinga yawo. Pochoka anapempha Paramu chubu chakutha.

Lolemba m'mawa ndinapeza atadula chubu chija timalamba, foni atayimangirira padengu, galasi likuyang'ana kuchishalo. Itangolira anaidina okha.

"Anna! Mankhwala..."

"Ndamwa, thangachi, mlongo wanga. Lero uli kutsogolo. Gwiritsa, tikunyamuka."

Anatuluka pachipata osabwerera. Maami anagwira pachifuwa. Ine ndinakwera njinga ya Maami n'kuwatsatira, kuti ndione mathero ake.

"Anna, ndikungoona mphuno zanu ndi migwalangwa," ankadandaula Amma.

"Mphunozi n'za bambo athu, ziyang'ane."

Tinadutsa minda ya anyezi, kachisi, ndi wogulitsa nsomba akuliza lipenga lake. Amma atamva lipengalo anafunsa ndi mawu aang'ono ngati nsomba zimabwerabe m'bokosi la pakaliyala. Maama anati zimabwerabe, kungoti zinachepa thupi ngati anthu ake. Mkulu ameneyu akakwera njinga sapupuluma, msana uli chilili, miyendo ikungozungulira, koma ine wa zaka makumi awiri ndinali nditatota kale thukuta, ndipo mpata pakati pathu unkangokula.

Podutsa panjanji njinga yawo inadumpha, ndipo chinthu chinagwa kuchokera m'chiuno mwawo n'kulira ngwee pamsewu. Kiyi. Iwo sanamve, anali pakati pouza Amma amene anagula nyumba ya aphunzitsi awo akale.

Ndinaima, ndinatola, ndinatsegula pakamwa. "Maa..." Ndinameza. Ndinali kumbuyo kwawo, kumbuyo kwenikweni, kosafuna Paramu kapena mapu. Ndikaitana, atsika, afunafuna pokhala ndi madzi akumwa pakati pa msewu, ndipo kiyi apita kwa wa njinga yamoto. Nanga belu la njinga? Kuliza belu ndi kuitana kapena ayi? Panalibe womufunsa. Ndinaika kiyi m'thumba n'kuyamba kupalasa kuti ndiwapitirire ndikawaonekere kutsogolo.

Sindinawapeze. Kuyandikira tauni msewu unadzaza ndi njinga, atsikana a mayunifolomu oyera awiriawiri, amuna a mabokosi a chakudya, ndipo Maama ankadutsa pakati pawo ngati nsomba m'madzi, ine ndikugundana ndi aliyense n'kumapepesa m'Chingerezi.

Nditafika, iwo anali kale pageti. Mayi Arulanantham anali chilili ndi ambulera yawo, atsikana akusonkhana. Maama ankapapasa m'chiuno, kumasula mfundo, kukutumula nsalu, kuyang'ana pansi. Nkhope inali itachita phulusa kuposa pamphumi paja. M'dengu Amma ankafunsa kuti, "Anna, chachitika n'chiyani? Bwanji ndikuona kumwamba kokha?"

Ndinagwetsa njinga, ndinazungulira gulu lonse la atsikana kuti ndisawadzere kumbuyo, ndinaima pamaso pawo n'kutambasula dzanja. Kulankhula sindikanatha, mpweya unali utathawa.

Loko anatseguka. Mayi Arulanantham anayang'ana wotchi, anayang'ana Maama, anayang'ana foni yomangidwa ndi chubu. Amma anawapatsa moni mwaulemu kuchokera m'dengu, iwo anayankha, n'kulowa. Atsikana analowa pambuyo pawo akuseka chamumtima.

Maama anamanganso kiyi, mfundo ziwiri.

"Unamutola kuti?"

"Panjanji."

"Panjanji! Ndiye bwanji sunandiitane?"

"Maama, munati kumbuyo..."

"Zimenezo n'za pakhomo, ponyamuka! Pamsewu chinthu chikagwa umakuwa, mbuzi iwe. Ukanandipha ndi mtima!"

"Mwanayu sadziwa kanthu, Anna," anatero Amma. "Ndinamulera ndekha, ndikudziwa."

Kiyi akadali m'chiuno mwa Maama, ndipo Amma amapita nawo kuntchito m'dengu masiku onse, kupatula kukagwa mvula. Ine ndinafunsa Maami kuti pakhomo pamathera pati ndipo pamsewu pamayambira pati. Anati pachipata. Paramu anati ayi, pamphambano, pamene pali iyeyo. Maama nditawafunsa ali pachipata, ine ndili kumbuyo kwawo, anati funso lotere safunsa munthu amene wagwira kale chiwongolero, ndipo anatsamiritsa njinga pakhoma, n'kuitanitsa madzi.