Amama apezana ndi a NyaZimba

Monire mose. Tamvani zomwe zachitika lero ku Lundazi.

Ndinaperekeza amama kuchipatala kukatenga mankhwala a miyendo. Potuluka, mayi wina wachikulire wogulitsa mtedza pageti anawayang'anitsitsa n'kufunsa kuti, "Kodi si inu akazi a Mtonga a ku Magodi?"

Abale, anali a NyaZimba! Achinyamatanu simuwadziwa. Amuna awo anafera limodzi ndi adada pangozi ya lole ya fodya ija, nthawi ya chipani chimodzi. Tsiku lomwe amama ankapita ku Chipata kukalondola za inshuwalansi, anyamata a chipani anawakaniza kukwera basi chifukwa analibe khadi la chipanicho. A NyaZimba anatsekereza pakhomo la basi n'kunena kuti, "Wamasiye mnzangayu akatsala, ine pano sindichoka." Anakwera onse awiri, ndipo chipukutamisozi chimenecho ndicho chinatiphunzitsa sukulu.

Atawazindikira pagetipo, amama anataya ndodo yawo n'kuyamba kuvina pamsewu, uku akuseka, uku misozi ili mbwee. Mtedza wonse unamwazika!

Tabwera nawo kunyumba. A NyaZimba amakhala okha, ana awo onse anamwalira. Amama akuti asabwererenso. Inu mukuti bwanji, tiwamangire chipinda?